Trimu ya aluminiyamu ikakana kuwala: kukonza zokongoletsera za galimoto yakale osaziononga

Pokonzanso galimoto yakale, matrimu amabwera kumapeto. Injini yalira, penti yauma, mtima uli dyokodyoko kuti galimoto ituluke. Ndiye munthu amatola kamzere ka aluminiyamu kozungulira windo n'kuyamba kukapukuta ndi polishi. Ola lathunthu limatha, phewa likuwawa, koma kansanza kali mbee ngati sikanakhudze kanthu, trimunso ili mbuu monga inalili. Apa m'pamene ambiri amapsa mtima. Wina amatenga sandipepa wokhakhala, wina amaika trimu pa chitsulo n'kuisasantha ndi hamala kuti denti ituluke, ndipo kanthu kamene kanapirira dzuwa ndi mvula zaka 50 kamatha madzulo amodzi.

Matrimu ambiri opindidwa ndi makina ndi opyapyala, sakwana n'komwe milimita imodzi. Chimene mwachotsapo ndi tupa kapena sandipepa sichibwereranso. Ndiye pa vuto lililonse m'munsimu, funso loyamba likhale lakuti: kodi ndingalithetse bwanji pochotsa chitsulo chochepa koposa?

Ngati trimu idakali pagalimoto, dziwani kuti madenti ambiri amabadwa pa tsiku loichotsa. Jambulani zithunzi kaye. Suzumirani kumbuyo kwa chitseko kapena madigadi muone ngati yagwidwa ndi manati kapena makilipi, thirani mafuta ofewetsa dzimbiri, ndipo tukulani ndi chida cha pulasitiki pafupi penipeni ndi kilipi, osati pakati pa makilipi awiri. Lembani kumbuyo kwake ngati ili ya kumanja kapena kumanzere.

Kodi ndi aluminiyamudi?

Zonyezimira za pagalimoto yakale si zamtundu umodzi. Pali stainless steel, pali zinki woumbidwa m'chikombole n'kukutidwa ndi chrome, ndiye pali aluminiyamu. Chimene chimakonza chimodzi chimaononga chinzake. Maginito sangakuuzeni zonse, chifukwa sagwira aluminiyamu, komanso sagwira zinki ndi mitundu ina ya stainless. Nyamulani m'manja mumve. Pa ukulu wofanana, aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo. Kandani pang'ono kumbuyo ndi nsonga ya mpeni: aluminiyamu amakandika mosavuta n'kusiya kamzere kowala, pomwe pa stainless mpeni umangotsetsereka. Zinki amakhala wochindikala ndi wolemera, ndipo akakalamba chrome yake imatuluka timatuza.

Mizere ya m'mbali mwa Volkswagen Beetle, mzere wa m'chiuno mwa BMW 2002, zozungulira mawindo a Mercedes-Benz W123, ndi zigamba zamizeremizere za kumbuyo kwa Chevrolet Bel Air ya 1957, zonsezi ndi aluminiyamu, ndipo zonsezi zimavuta m'njira imodzi.

Mukupukuta koma palibe chikusintha

Polishi wanu sakufika pa aluminiyamu ayi. Kufakitale, trimu ikawalitsidwa inkamizidwa mu asidi wa sulfuric kwinaku akudutsitsamo magetsi, ntchito imene amaitcha anodizing. Pamwamba pake pamamera khungu la aluminium oxide, loonekera ngati galasi, lopyapyala kangapo kuposa tsitsi la munthu, koma lolimba gwa. Mchenga wa pa sandipepa wambiri ndi aluminium oxide yemweyo, ndiye taganizani polishi wofewa akulimbana nalo. Khunguli likakalamba limachita timing'alu tosaoneka ndi maso, timene timamwa dothi ndi madzi, ndipo mankhwala aukali otsukira injini ndi mawilo amaliyeretsa kuti lioneke ngati nkhungu yatsekeredwa m'kati. Kuwala kudakalipo, koma kuli pansi pa khungu lodwala.

Kutsimikiza n'kosavuta. Aluminiyamu wopanda khungu amadetsa kansanza ka polishi kuti bii m'kanthawi kochepa; wa khungu sakadetsa. Kapena tengani mita yoyezera magetsi, muiike poyesa ngati magetsi akudutsa, n'kugunditsa nsonga zake ziwiri pamwamba pa trimu mosakanikiza. Khungu la anodizing silidutsitsa magetsi. Koma chenjerani: mwini wake wakale mwina anapoperapo vanishi, amene nayenso sadutsitsa magetsi. Pakani thina pangodya yobisika. Pakanata kapena kufewa, ndi vanishi, ndipo ayenera kuchoka kaye ndi mankhwala ochotsera penti.

Musanachotse khungulo, imani kaye muganize. Trimu yowongoka, yopanda zokala zakuya, imene yangozimirira pang'ono, ine ndimati isiyeni. Itsukeni ndi sopo wofatsa, ipakeni wakisi, ibwerere pagalimoto. Khungu la kufakitale likachoka, mwasenza ntchito yosamalira aluminiyamu wamaliseche kwa nthawi yonse imene galimotoyo idzakhale yanu, pokhapokha mutalipanganso. Ndipo ngati trimu ili ndi mtundu, monga girilu yagolide ya Bel Air ija, mtunduwo uli m'khungu momwemo, uchokera limodzi.

Kuchotsa khungu, ndi zimene zimalakwika pochotsa

Trimu ya madenti kapena zokala ilibe kuchitira mwina, khungu lichoke musanaimenye kapena kuipala. Mukalisiya, limang'ambika pamalo pamene mukumenya, ndipo sandipepa akangoliboola pena amayamba kudya aluminiyamu wofewa wa pamenepo mofulumira, kwinaku m'mbali mukadali molimba. Mapeto ake ndi mafundemafunde amene sadzatha.

Chimene chimalisungunula ndi caustic soda, kapena mankhwala otsukira uvuni amene ali ndi sodium hydroxide. Gwirani ntchitoyi panja pomwe mphepo ikudutsa, mutavala magolovesi a labala ndi magalasi otseka maso onse, chifukwa dontho limodzi m'diso lingakuchititseni khungu. Chiwiya chikhale cha pulasitiki. Pa trimu yaitali, paipi ya pulasitiki yong'amba pakati n'kutseka mbali zonse imathandiza. Thirani caustic m'madzi ozizira pang'onopang'ono, osati madzi pa caustic, chifukwa amatentha n'kuthovoka. Magalamu 30 mpaka 50 pa lita imodzi ndi okwanira. Thovu limene limatuluka aluminiyamu akayamba kudyeka ndi mpweya wa hydrogen, umene umayaka, ndiye moto ndi ndudu zikhale kutali.

Musachokepo. Tulutsani trimu mphindi iliyonse kapena ziwiri, itsukuluzeni, iyeseni ndi mita ija. Magetsi akayamba kudutsa paliponse, basi zatha, isabwereremonso.

Ikatuluka yamathothomathotho, pena poyera pena ponyezimira, ndiye kuti panali mafuta, wakisi kapena vanishi amene anatchinga mankhwala. Itsukeni bwino mubwereze mwachidule. Ikatuluka yakuda kapena yotuwa ngati mwaye, musadandaule, ndi zotsalira za zitsulo zina zosakanizidwa mu aluminiyamu. Zimachoka potsuka ndi viniga ndi kusisita ndi siponji ya nayiloni. Choopsa ndi trimu yotuluka yokhakhala, ya timaenje tambirimbiri. Imeneyo inakhalitsa m'mankhwala kapena mankhwala anali aukali, ndipo timaenjeto tidzafuna kuti mupale chitsulo chimene simukanapala.

Denti

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Denti imatuluka ndi kukankha kuchokera kumbuyo, sichoka ndi kupala kutsogolo. Munthu akapala m'mbali mwa denti kuti pafanane ndi pansi pake, amangozindikira trimu yafika ngati pepala, mwinanso yabooka.

Zida zake zambiri mupanga nokha. Tengani timitengo tolimba kapena nayiloni, musongole nsonga zake mosiyanasiyana: ina yobulungira, ina yophwatalala, ina yopyapyala yolowa m'ngalande ya trimu. Chida chachitsulo ngati chilipo chikhale chosalala ngati galasi, popeza kachipsera kalikonse ka pa icho kamadindika pa aluminiyamu. Kahamala kakhale kopepuka. Pansi pakhale thabwa lolimba losalala, kapena kathumba ka mchenga ngati denti ndi yaikulu. Kumenyera pa chitsulo kumapanikiza aluminiyamu pakati pa zolimba ziwiri, amaphwatalala n'kutambasuka, ndipo malo otambasuka amatumphuka ngati chithupsa chimene sichifuna kubwerera.

Trimu ikakhala ya mapindidwe ovuta, pangani chikombole. Pezani gawo lake labwino, lipakeni wakisi, liphimbeni ndi filler ya panobita kapena epoxy, muisiye iume n'kuichotsa. Mwapeza pogonekapo gawo lovulala, pamene pali maonekedwe enieni a trimuyo, ndipo mukamenya kumbuyo chitsulo sichingapitirire malire.

Gonekani trimu chafufumimba. Musayambire pakati pa denti. Yambani m'mphepete mwake, mukuzungulira, mukulowera m'kati pang'onopang'ono, ngati mukubweza chitsulo m'njira imene chinadzera. Kumenya kwake kukhale kogogoda chabe, kwakuti wina ali chipinda china asadzidzimuke. Mukagogoda kasanu kapena kakhumi, tembenuzani muone. Ine ndimaiimika pansi pa getsi lalitali lija la chubu n'kuyang'ana mzere wa kuwala pa trimu: pamalo abwino mzerewo umayenda mowongoka, ukafika pa denti umakhota ngati njoka, ndipo ukayamba kuwongoka ndimadziwa kuti ndayandikira ngakhale chala chisanamve kusiyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Denti yaing'ono ngati chikhadabo ikhoza kudya ola lathunthu.

Kenako detsani malowo ndi cholembera cha inki yakuda, mudutsitsepo mtundu wa tupa wa mano aang'ono kwambiri, kawiri kapena katatu basi, mopepuka. Pakani choko pa tupa kuti aluminiyamu asamatirire m'mano n'kukala trimu. Pamene inki yachoka ndi pokwera, pamene yatsala ndi potsika. Apa tupa ndi diso chabe lokuonetsani mapiri ndi zigwa. Bwererani kumbuyo mukagogode pa madontho akudawo, detsaninso, dutsitsaninso. Inki ikamachoka mofanana ndi kukhudza kumodzi, mwamaliza. Pakatumphuka chifukwa mwapitirira, tembenuzani mugogode kutsogolo ndi kamtengo kophwatalala, pansi mutachirikiza ndi thabwa.

Trimu yopotoka kapena yokhota utali wake iwongoleni ndi manja, pang'onopang'ono, mukuiyeza pagalimoto pomwe. Vayisi yopanda matabwa m'kamwa mwake imasiya mano.

Yauma, ikuyamba kung'aluka

Aluminiyamu akamamenyedwa kapena kupindidwa amanka nauma. Mudzamva kulira kwake kukusintha, ndipo denti imasiya kuyenda. Mukaumirira, amang'aluka. Mankhwala ake ndi kumufewetsa ndi moto, koma apa pali msampha: aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo safiira ngati chitsulo kuti akuchenjezeni. Amaoneka bwinobwino, kenaka mwadzidzidzi wagwa ngati phula.

Pakani sopo wouma wa mtanda pamalopo, mutenthetse kumbuyo ndi moto wofatsa wa gasi, dzanja lisaime malo amodzi. Sopo akada, kutentha kwayandikira madigiri 400, chotsani moto pomwepo muisiye izizire. Fewetsani malo okhawo a denti yakuthwa kapena opindika. Trimu yofewetsedwa yonse imakhala yolobodoka, imalowa denti ndi chala pomwe mukuikanikiza pa makilipi.

Mng'alu ukakhalapo kale, boolani kabowo kakang'ono kumapeto kwake kuti usapitirire. Kulumikiza kwabwino ndi kuwotcherera kwa magetsi kotchedwa TIG, ndi munthu wozolowera zinthu zopyapyala. Muuzeni ngati mudzapangitsenso anodizing, chifukwa waya wowotcherera wa nambala 4043, amene ali ndi silicon, amada akapangidwa anodizing, pomwe wa 5356 amayandikira mtundu wa trimu. Palinso timawaya towotcherera pa moto wochepa, tambiri timakhala ndi zinki. Timagwira, koma mtundu wake umasiyana ndipo sitilandira anodizing. Mng'alu wa pamalo obisika ukhoza kungochirikizidwa kumbuyo ndi kachidutswa ka aluminiyamu ndi epoxy, ndipo kawirikawiri imeneyo ndiyo njira yosaika trimu pachiswe.

Mwawalitsa, koma zokala zatulukiranso

Ili ndi dandaulo la pafupifupi aliyense. Trimu imaoneka yosalala, koma ikangowala pamatuluka timizere ngati ukonde wa kangaude. Gudumu lowalitsira silinapange timizereto, langotiulula. Tinatsalira pa sandipepa woyamba, chifukwa munadumpha nambala kapena munafulumira kusintha.

Yambani ndi nambala yosalala koposa imene ingathe kuchotsa chilema. Pamene padutsa tupa, 320 kapena 400. Kwina konse mwina 600 akwanira. Kenako 800, 1000, 1500, mpaka 2000, ndi madzi okhala ndi kadontho ka sopo. Kulungani sandipepa pa kathabwa kapena labala wolimba, chifukwa zala zimakumba tingalande. Posintha nambala sinthaninso kolowera, kuti mizere ya nambala yapitayo ioneke ngati idakalipo, ndipo musapite patsogolo isanathe yonse. Tayani madzi, tsukani trimu. Kamchenga kamodzi ka 400 kotsalira pa 1500 kamabweza ntchito m'mbuyo. Pa misana ya mizere ndi m'makona pitanipo mopepuka, ndi pamene pamatha msanga. Steel wool ndi bulashi ya waya wachitsulo zisayandikire, zimasiya tizidutswa timene timadzachita dzimbiri m'kati mwa aluminiyamu.

Pa gudumu, yambani ndi tripoli, mankhwala owalitsira ofiirira, pa nsalu yosokedwa, mutsirize ndi mankhwala oyera pa nsalu yofewa yosasoka. Mtundu uliwonse ukhale ndi gudumu lakelake, ndipo gudumu limene linawalitsapo chitsulo lisakhudze aluminiyamu. Mukaona zakuda zonata pa trimu, mwachulutsa mankhwala kapena gudumu ladzaza, lipeseni, muchepetse. Kukanikiza kwambiri kumatenthetsa trimu mpaka kupindika, ndipo pamwamba pamachita makwinya.

Za gudumu ndinene mosabisa, chifukwa ndinaona trimu ya windo imene inadya masabata awiri ikukwatulidwa m'manja n'kukulungidwa pa shafiti m'kuphethira kwa diso, ndipo mwini wake anachita mwayi kuti zala zinatsala. Mangirirani trimu yaitali pa thabwa ndi tepi, muwalitse chigawo chimodzi n'kusuntha tepiyo. Gwiritsani ntchito mbali ya m'munsi ya gudumu, imene ikuthawa kwa inu kupita pansi, ndipo gudumu lizitsetsereka kuchoka pa mphepete, lisamakumane nayo. Malaya a manja olendewera ayi. Valani chotchinga kumaso ndi chosefa fumbi, ndipo fumbi la aluminiyamu lisaunjikane pamene pamathethekera moto wa girayinda. Amene alibe gudumu asadandaule: kuchokera pa 2000, polishi wa aluminiyamu ndi nsalu yofewa zimafikitsa trimu powala ndithu, kungoti zimatenga nthawi.

Inawala ngwee, patha miyezi iwiri yazimiriranso

Palibe chimene mwalakwitsa. Aluminiyamu wamaliseche amayamba kupanga kakhungu kake akangokumana ndi mpweya, ndipo madzi ndi mchere zimamusiyira madontho. Mukhoza kumusiya choncho, mukumupaka wakisi ndi kumupukuta kawirikawiri. Amawala koposa njira zina zonse, ndipo akakalika mumakonza pomwepo. Mukhoza kupopera vanishi woonekera wopangidwira zitsulo, mutachotsa mafuta onse a polishi ndi acetone, apo ayi adzasupuka. Kuwala kumatsikako pang'ono, ndipo mwala ukaboola vanishi chinyezi chimayenda pansi pake ngati timizu toyera. Kapena mukhoza kupita nayo kwa odziwa anodizing, makamaka amene amachita bright dip, kumiza kowalitsa kumene mafakitale ankachita asanaike khungu. Galimoto imene iziyenda pamsewu masiku onse, ine ndingasankhe njira yomalizayi. Kumbukirani kuti anodizing sibisa kanthu, kachilema kalikonse kamene mwasiya kadzatsekeredwa pansi pa khungu latsopano. Perekani kaye kachidutswa kamodzi muone mmene katulukire musanapereke zonse, ndipo chotsani kachitsulo kalikonse, kaya kilipi kaya riveti, chifukwa asidi adzakadya. Mizere yakuda ya m'ngalande imapentedwa pomalizira, potsatira zithunzi zija.

Ufa woyera ndi timabowo tochokera kumbuyo

Vuto ili ndi limene limabwerera mwakachetechete, ndipo silichokera kutsogolo kumene mumapukuta. Tembenuzani trimu yakale muone pamene panali makilipi: mupeza ufa woyera ndi timaenje, pena mpaka kubooka. Aluminiyamu akagundana ndi chitsulo monga cha makilipi pali chinyezi, makamaka cha mchere, pamayenda timagetsi tochepa ngati m'batire, ndipo amene amadyeka ndi aluminiyamu. Sikuluu za stainless sizithetsa zimenezi, nazonso zimamudya zikagundana naye ponyowa.

Palani ufawo ndi bulashi ya nayiloni kapena ya stainless imene sinagwirepo chitsulo, mpaka timaenje tiyere. Pakani kumbuyo konse pulaimala yogwira pa aluminiyamu, kapena wakisi wa m'mphako za galimoto. Makilipi adzimbiri atayeni. Ikani apulasitiki ngati alipo a mtundu umenewo, apo ayi achitsulo opentedwa bwino. Pansi pa nati iliyonse pakhale washa ya nayiloni kapena labala. Mabowo a m'bodi apentedwe m'mphepete, muikemo kosindikiza kuti madzi asalowe, koma musatseke m'munsi mwa trimu monse, madzi olowa apeze potulukira.

Poibwezera, matani tepi pa penti m'mbali mwa mzere wake, yezani kuti kilipi iliyonse yayang'anana ndi bowo lake, ndiye mukanikize ndi chikhatho pamwamba penipeni pa kilipi, pakati mutaika nsalu yopinda. Kilipi ikakana kulowa, musaimenye ndi chibakera; itulutseni muone chimene chapinga. Manati amangidwe ndi zala, n'kuonjezera pang'ono chabe ndi sipanala, chifukwa mukalimbitsa kwambiri bawuti imakoka trimu kuchokera kumbuyo, ndipo pankhope pake pamatuluka kadzenje pamalo pomwe munawongola.